Muvi wa Mphini Zitatu

Kalekale, mfuti zisanamveke kuseri kwa Dzalanyama, njati yamphongo inapha munthu m'dimba lake dzuwa likuswa mtengo. Atameta maliro, mkazi wake Nangozo analumbira pamaso pa anthu kuti mwamuna wolowanso m'nyumba mwake ndi yekhayo amene adzaphe njatiyo.

Mawuwa anagwera m'makutu mwa abale atatu: Gwaza wamkulu, Mkanda womupondera, ndi Ndeule mzime. Gwaza anamukonda Nangozo kuyambira kale asanakwatiwe n'komwe. Koma tisabise, munthuyu anali ndi nsanje yoti galu wa mnzake akanenepa, iye ankaonda.

Mauta awo anali ophera insa ndi agwape, njati ikanangomva ngati kulumidwa ndi udzudzu. Choncho anayenda masiku awiri kupita kwa a Chimphonda, mmisiri wosema mauta.

Kumeneko Mkanda anathamangira uta wonyezimira, wokulungidwa ndi mkuwa. Gwaza anaugogoda ndi chala, naununkhiza.

"Siya, mphwanga. Mtengo uwu anaudula nthawi ya mvula. Udzakuthyokera m'manja."

Anakana wachiwiri, anakana wachitatu, anakana mulu wonse, mpaka mmisiri anayamba kutsokomola mokwiya. Kenaka maso a Gwaza anakwera kutsindwi. Kumeneko kunali kauta kafupi, kakuda ndi mwaye, kophatikiza mtengo ndi nyanga ya ngoma, komangidwa ndi mitsempha.

"Titsitsireni uwo, bambo."

"Ameneyu ali ndi maso," anatero a Chimphonda. "Mbuzi zinayi."

Wakhola anali Mkanda yekha, ndipo mbuzi zake zinali zinayi zomwezo, ina ya bere. Anazipereka zonse.

Tsono kukoka! Gwaza anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuima, nsinga n'kuthera pachigongono. Mkanda ndiye musanene. Ndeule, amene ankangokhalira nkhwangwa kumunda, anautola ngati akusewera, nakoka nsinga mpaka kukhutu. Gwaza anaseka nawo, koma mtima unamuwawa koopsa. Uta wosankha iye, wokakondweretsa Nangozo n'kukhala mwana wadzulodzuloyu?

Potsazika, mmisiri anawapatsa lamulo. "Uta wanga sulawa mtengo. Musauyese pachitsa ayi. Muvi woyamba udye nyama, apo ayi udzakhala uta waulesi mpaka kale."

Nawo alenje a kumeneko anali ndi lamulo lawo: nyama ndi ya mwini muvi. N'chifukwa chake aliyense ankatema mphini zake pamuvi, ndipo za Gwaza zinali zitatu, m'munsi mwa nthenga.

M'mawa wa uzimba, Ndeule atatsikira kumtsinje kukasukusula, Gwaza anasolola mivi yabango m'phodo la mng'ono wake, naibisa paudzu, nalongamo yake yamtengo, yonenepa, yolemera. Manyazi anali nawo, koma nsanje inali ndi mphamvu kuposa manyazi.

Njati sinadikire kuti aisake. Inatulukira m'bango ili fuu, mutu pansi, kulunjika Ndeule. Nthawi yoyang'ana muvi inalipo ngati? Anangosolola, kukoka, kulasa. Muvi unalowa pachifuwa mpaka nthenga, chinyama chija khu! pamapazi ake penipeni.

Anthu anathamangira, Nangozo ali pakati pawo. Mkulu wa alenje anazula muvi, naupukuta ndi masamba, nawerenga mphini.

"Zitatu. Nyama ndi ya Gwaza."

"Achimwene!" anakuwa Ndeule. "Mwandibera ine ndili maso? Amene anaima pamaso pa nyanga ndani? Inu si munali kuseri kwa chulu?"

"Mukanganiranji inu?" anatero Mkanda. "Khola langa lili mbee. Popanda mbuzi zanga mukanailasa ndi chiyani, malovu?"

Ndeule anathamanga, nakapeza mivi yake paudzu paja. Poti uta unali utadya kale nyama, lamulo la mmisiri linali litatha.

"Onani nonse! Ndi muvi wangawanga ndikanaipha chimodzimodzi!"

Analoza mtengo wa mkuyu, nakoka mpaka kukhutu. Bango lija silinapirire mphamvu ya uta. Linasweka pansinga pomwepo, tswa! zidutswa n'kumulasa padzanja. Anayesa wachiwiri, chimodzimodzi. Aliyense anaona kuti Ndeule akanapita ndi mivi yake, bwenzi tsikulo akukumba manda.

"Mwaona?" anatero Gwaza. "Ndinadziwa ine. Ndinkapulumutsa mphwanga."

Bodza lenileni! Sanadziwe kanthu. Nangozo anamuyang'ana nthawi yaitali, nayang'ana dzanja la Ndeule likukha magazi, nayang'ana Mkanda.

"Ine ndinalumbira za wopha njati," anatero. "Akuluakulu, ndiuzeni wapha ndani, chifukwa lumbiro langa sindibweza."

Mkulu wa alenje anangokanda m'mutu, muvi uli m'manja.

Nanga inu mwakhala duu apa, mlanduwu muudula bwanji? Nangozo atsegulire ndani chitseko: Mkanda amene anatsala wopanda ngakhale kamwana ka mbuzi, Ndeule amene anaima njati ikubwera, kapena Gwaza, amene lamulo la alenje lili kumbali yake, mbala imene kuba kwake kunapulumutsa m'bale wake?