Nalimba, Utoto Wakuda wa Gwirize

Makolo a anthu a kwa Mtsinjiza asanafike kumapiri kuno, ankakhala kutsidya kwa Lifumbe, mtsinje waukulu wosaphwa, mpaka pamene njala ya zaka zitatu inawasamutsa. Pakati pawo panali Ndaziona wa mfunda wa Mbewe, mwana wa Kalindiza, mdzukulu wa Nsomeka, mayi wa ana aakazi atatu amene mbumba yonse inkadalira kuti ndiwo adzachulukitse mtundu. Mlongo wake Gwirize, mwinimbumba, anali mmisiri wosema mabwato, ndipo ndiye anatulukira luso lophika utomoni pamodzi ndi mwaye ndi mafuta a nsatsi, n'kupanga utoto wakuda bii, wonyezimira mwakuti munthu ankadzionerapo nkhope.

Pokonzekera ulendowo, Gwirize analonjeza pamaso pa anthu kuti asema bwato loposa onse, koma mtengo unang'aluka pansi poumitsa padzuwa. Poopa kusekedwa ndi amisiri anzake, iye sanauze munthu. Anatseka mng'aluwo ndi khungwa, napakapo utoto wake katatu.

Tsiku looloka, ana a Ndaziona anathamangira bwato lonyezimiralo, koma mayi wawo anawagwira mikono.

"Mlongo wanga, kodi bwatoli mwaliyesa pamadzi?"

"Lalimba," anayankha Gwirize, maso ali kumbali. "Ine ndingataye ana a mbumba yanga?"

Ndaziona anawataya mikono, iye n'kutsala pagombe kudikira ulendo wachiwiri. Bwato litafika pakati pa mtsinje, khungwa linazuka, madzi analowa, ndipo atsikana atatuwo anamira pamodzi ndi wopalasa, mayi wawo akuona. Apo m'pamene Ndaziona anacheuka, naona kuti Gwirize wakweza mkazi wake ndi ana ake m'bwato lakale, lotuwa, lodzaza zigamba.

Akuluakulu amati Ndaziona sanadzigwetse pansi monga achitira amayi pamaliro. Anaoloka, nafika pamene mlongo wake anakhala atazyolika, nanena mawu awiri okha: "Munati lalimba." Mawa lake anabwereza mawu omwewo, mkuja chimodzimodzi, ndipo m'zaka zonse za moyo wake, pachitsime, pabwalo, ngakhale pamowa wa mizimu, sanamulonjerenso mwa njira ina. Gwirize anapepesa ndi mbuzi, anapepesa ndi makasu, koma Ndaziona ankangozibweza. Pamene Gwirize anadwala mwakayakaya naitanitsa mlongo wake, Ndaziona anaima pakhomo, nayang'ana thupi lowondalo, nabwerera osalowa. Ndaziona mwini anamwalira wopanda mdzukulu, ndipo mzere wa Nsomeka unathera pa iye.

Anthu, pomva mawu aja tsiku ndi tsiku, anayamba kutchula utotowo kuti lalimba, ndipo lilime la zidzukulu linalipinda dzinalo kukhala nalimba. Kwa Mtsinjiza liwuli lili ndi matanthauzo atatu: utoto wakuda wopaka mipando ndi ng'oma, lonjezo losalala lobisa chowola, ndiponso m'bale amene amakutsogoza pa njira imene iye sangapondepo.

Pamene panamira bwatolo pali dziwe lakuda mpaka lero, ndipo ng'ona sizifikapo. M'chilimwe madzi akachepa, bwatolo limaoneka pansi, losawola, likunyezimirabe monga tsiku lija. Amisiri amapakabe nalimba pa zosema zawo, koma pabwato sapaka, ndipo mayi wa mfunda wa Mbewe salola kuti chopakidwa utotowo chigonere m'nyumba momwe muli mwana wamkazi.