Chipanda cha Mapilisi a Mvuu

Kalekale, nyama zikadagulitsana malonda pamsika umodzi, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Gologolo. Tcherani khutu, ana inu. Ndi inunso akuluakulu amene mumasunga mapilisi otsala m'thumba la jekete, musayang'ane kumbali.

Gologolo anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndi thumba limodzi la mtedza wambewu. Chuma chake chonse chinali chomwecho. Tsiku lina mwanayo anayamba kutsokomola, kho! kho! Thupi linatentha ngati phale, nthiti zikulowa m'kati akamapuma. Gologolo anam'bereka kumbuyo, ulendo kwa dokotala Dokowe, uja wa miyendo yaitali.

Dokowe anamvetsera pachifuwa napukusa mutu. "Chibayo ichi, mayi. Koma mankhwala ake atithera kuno." Analemba dzina la mankhwalawo m'kabuku ka kuchipatala. "Mukagule awa, osati ena ayi. Pilisi limodzi m'mawa, limodzi masana, limodzi madzulo, masiku asanu. Akayamba kusewera musamusiyitse, amalize onse. Ndipo ayambe lero lomwe."

Ogulitsa mankhwala anali awiri. Tsidya lija la mtsinje kunali Fulu, amene ntchitoyi anachita kuiphunzira, ndipo ankagulitsa m'timapepala wamba pa kapu imodzi ya mtedza. Tsidya lino kunali Mvuu, amene chimene anaphunzira ndi kudya basi. Iyeyu anaika benchi lake polowera pa ulalo penipeni, nakhalapo ndi thako lake lonse, moti ngakhale nyerere sinkatha kuoloka.

Malonda ake anali onyansa. Wodwala akangoyamba kupeza bwino, Mvuu ankamuuza kuti, "Wachira, usavutike kumaliza. Otsalawo bwera nawo kuno." Ankamupatsa kambatata kamodzi, mapilisiwo n'kuponya m'chipanda. Ofiira, achikasu, oyera, a mutu, a m'mimba, a chaka chatha, onse pamodzi, padzuwa. Kenako ankawatapa, kuwaika m'timabokosi tonyezimira, n'kugulitsanso. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nyama zinkadwala, kuchira pang'ono, kudwalanso, mwiniwake akungonenepa.

Gologolo anafika natambasula kabuku. Mvuu sanakayang'ane n'komwe.

"Zolembalemba za chiyani, iwe kamayi? Anga amachiza zonse. Siya thumba lako la mtedzalo, utenge kabokosi."

"Thumba lonse? A Mvuu, imeneyi ndi mbewu. Mvula ikagwa ndidzabzala chiyani?"

"Usankhe wekha, mbewu kapena mwana."

"Ndiye ndipatseni njira, ndikagule kwa a Fulu."

"Ulalo watsekedwa," anatero Mvuu. "Sukuona kuti ndakhalapo?"

Kumbuyo mwana anatsokomolanso, kho! kho! Gologolo mtima unawira, ubweya wakumchira unaima njo! Koma sanalire. Anayang'anitsitsa chimunthu chijachi, naona kuti tsaya latupa ngati dzungu, lamangidwa ndi kansalu. Dzino! Atasuzumira pansi pa benchi anaona kapepala wamba, kojambulidwa dzuwa katatu posonyeza nthawi zomwera mapilisi, kochokera kwa Fulu. Ohoo! Wophikayo sadya zophika zake!

Linali tsiku la msika, nyama zili piringupiringu. Gologolo anatula thumba la mtedza pansi kuti thi! nakwera pamwamba pake.

"Abale, tabwerani mudzandithandize kumva! Ine ndine mbuli. A Mvuu, mwati mankhwala anu amachiza zonse?"

"Zonse!" anatero Mvuu, maso ali pathumba.

"Nanga mwana wangayu amwe angati? A dokotala ati limodzi limodzi."

"Dokowe ndi woumira! Limodzi lichiza ndani? Kamwana ngati aka kamwe odzaza dzanja nthawi imodzi. Akatha ubwere udzagule ena."

"Odzaza dzanja, kamwana kakang'ono chonchi! Ndiye kuti wamkulu amamwa ochuluka?"

"Mwachidziwikire. Thupi lalikulu, mankhwala ambiri."

"Zikomo, mwandiphunzitsa. Nanga inuyo, bwana, ndi dzino lakuvutanilo, muyenera kumwa angati?"

Nyani anayang'ana kamwana, nayang'ana Mvuu, nayeza ndi manja ake. "Chipanda chonse!" anakuwa motero. Nyama zonse zinavomera, "Chipanda chonse! Chipanda chonse!"

"Dzino langa lili bwino," Mvuu ananena chapansipansi.

"Lili bwino pamene tsaya lafika paphewa? Imwani tione, a Mvuu. Mukamwa n'kuchira, thumba ili ndi lanu, sinditengako ngakhale mtedza umodzi. Mukakana, mutiuze kuti kapepala kali pansi pa benchiko n'ka yani. Mwana wanga sameza chinthu chimene mwiniwake akuchiopa!"

Mvuu thukuta linali kamukamu. Akakana, malonda atha. Akavomera, thumba ndi lake. Anayang'ana chipanda, nayang'ana thumba. Anayang'ananso chipanda, nayang'ananso thumba. Dyera, abale, lilibe maso. Ananyamula chipanda chija, nayasamula chikamwa chake, khuthulu! Ofiira, achikasu, oyera, a chaka chatha, onse mpaka fumbi lake.

"Mwaona?" anatero akunyambita milomo. "Bweretsa thu..."

M'mimba munati gulugulu! Maso anati tuzu! Makutu anayamba kuzungulira okha. Munatinso gulugulu, gudugudu, ngati mvula ikubwera kuphiri. Mvuu anagwira pamimba, nagwira kumbuyo, naona kuti manja awiri sakwanira. Anadumpha benchi, liwiro la mtondo wadooka, mpaka mumtsinje, chubwi!

Ulalo unatsala pululu. Gologolo sanadikire kuti amalize kuseka. Anasenza thumba lake, mwana kumbuyo, naoloka, nyama zonse zikumutsatira pambuyo.

Fulu anavala magalasi nawerenga kabuku mosathamanga. Anawerengera mapilisi khumi ndi asanu m'kapepala, namuonetsa Gologolo dzina la mankhwalawo kuti ndi lomwe lija analemba Dokowe, namuonetsanso tsiku lothera mphamvu kuti likadali kutali. "Kapu imodzi ya mtedza, mayi. Bokosi lonyezimira silichiza munthu." Mwana anameza pilisi loyamba pompo, dzuwa likadali pamutu.

Tsiku lachitatu mwana anali akudumphadumpha m'mitengo. Mkazi wa Nyani anabwera akumwetulira. "Anzanga, wachira uyu. Otsalawo ndigawireni, abambo akunyumba akudandaula msana."

"Palibe otsala pano," anatero Gologolo. "Awa ali ndi mwiniwake, ndipo awamaliza. Abambowo apite kwa a Dokowe ndi msana wawo."

Mkazi wa Nyani anachoka akung'ung'udza kuti anthu ena ndi omana. Gologolo sanasamale. Masiku asanu atatha kapepala kanatsala kopanda kanthu, chifuwa chinatheratu. Mvula yoyamba itagwa, mayi ndi mwana anabzala mtedza wawo, thumba lonse kupatula kapu imodzi.

Nanga Mvuu? Anatsala pang'ono kufa, musaganize kuti zinali zoseketsa kwa iye. Dokowe yemwe uja ankamunena kuti ndi woumira ndiye anamutsatira m'madzi n'kumupulumutsa. Koma manyazi alibe mankhwala. Mpaka lero masana Mvuu amabisala mumtsinje, mphuno zokha kunja.

Ndipo dyera silinamuchoke. Mukadzamuona akuchita chimbudzi, mudzaone mchira wake, amapukusa kuti phapha-phapha, kumwaza ndowe uku ndi uku. Si kusewera kumeneko ayi. Akufufuza ngati pali pilisi lina lotuluka lathunthu, loti akaligulitsenso.

Nthano yanga yagonera pamenepa, kaphuleni mbatata zisanapserere. Koma wina akadzakutapirani mankhwala m'chipanda, muyambe mwamufunsa kuti iye amamwa angati.