Makala a M'chitsime cha Lufeyo

Kalekale, koma osati kale la makolo, m'munsi mwa phiri la Kamphande munkakhala mayi wamasiye, Nagama, ndi ana ake awiri: Lufeyo wokumba zitsime, ndi Zelipa amene anapita kutali kukaphunzira za miyala.

Tsiku lina akukumba chitsime, Lufeyo anaona zachilendo. Mizere ya dothi inali yoduka, mbali ina itatsika, ndipo pansi pa miyala yogumuka kuphiri panali makala ndi mapale. Wina akanangopitiriza kukumba. Iye anaika khasu pansi, natumiza uthenga kwa mlongo wake.

Zelipa anabwera, natola makalawo kukawapimitsa zaka. Anapeza kuti chivomezi chinagumulapo phirilo kawiri, motalikirana zaka ngati mazana awiri. Kuti adziwe kuti chomaliza chinachitika liti, anafunika kukumba ngalande modutsa mng'alu umene unadula mizere ya dothi ija, koma malo okhawo amene khasu linali lisanasokoneze anali pamanda a bambo ake. Masiku atatu anasowa poyambira kuwauza amayi ake. Kenako anawauza.

"Bambo ako sanakumanepo kanthu ali moyo," anatero Nagama. "Kumba."

Mafupa anasamutsidwa, mayiyo akulira ngati maliro ndi atsopano.

Ngalandeyo inaonetsa chivomezi chachitatu, ndipo chichitikire zaka mazana awiri zinali zitakwana kale. Anthu anafuna kudziwa tsiku limene chivomezi china chidzabwere. Zelipa anati mwina mawa, mwina pakapita zaka makumi asanu, ndipo anthuwo anamuseka. Nagama ndiye anayamba kusasula denga lake natsikira kudambo, kutsidya kwa mtsinje. Ena anatsatira pang'onopang'ono mpaka mudzi unatha.

Kudambo kunali udzudzu. M'zaka zisanu ndi chimodzi malungo anatenga ana anayi, mmodzi wa iwo wa Lufeyo, phiri lili chiimire. Pochokera kumanda, Lufeyo anauza Zelipa osamuyang'ana: "Chemwali, ndikanangochikwirira chitsime chija."

Anabwerera yekha kumudzi wakale. Zelipa anakwera kawiri kukamupempha kuti atsike, koma sanamutsegulire chitseko.

Chaka chotsatira, m'mawa anthu ali m'minda, nthaka inagwedezeka. Fumbi litatsika, pamene panali mudzi panali miyala yokhayokha. Anthu onse anapulumuka, kupatula mmodzi. Zelipa anakumba sabata yathunthu mpaka manja kuchita matuza, osamupeza mchimwene wake.

Atatha kulira, anthu anati mudzi watsopano utchedwe dzina la amene anawapulumutsa. Ena anati Lufeyo, amene anaona choyamba, ngakhale anadzanong'oneza bondo. Ena anati Zelipa, amene anawerenga zaka m'dothi, ngakhale mawu ake anawatsitsira ku malungo. Ena anati Nagama, amene anapereka manda a mwamuna wake nayamba kusamuka. Zelipa anangokhala pambali pa amayi ake.

Nanga inu amene mwamva, mudziwo mukanautcha dzina la ndani?