Kalumo ka Abiti Chande ndi Juzi Yofiira

Senderani kuno, ana inu, mphasa ikadali ndi malo. Iwe wakumapetoyo, bwera pafupi, mawu anga safika patali masiku ano. Pali mwambi umene akulu amanena munthu wakudza akatichotsa pa msampha, ndipo lero ndikufuna mudziwe kumene unachokera.

Kuseri kwa mapiri a ku Dedza, kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimang'amba milomo, kunali mwana wamkazi dzina lake Mtisunge. Anali wa zaka zinayi, wolongolola ngati mpheta. Bambo ake ankagwira ntchito m'minda ya fodya ku Halale, ndipo chaka chimene anabwera kudzaona banja, anawatengera akazi awo juzi yofiira, yaubweya, ya mabatani asanu. Make Mtisunge juziyo sankaivula nyengo yozizira. Kudimba nayo, pamtondo nayo, ndipo akabereka mwanayo, tsaya lake linkatsamira pa juzi yomweyo mpaka tulo.

Chimanga chitangolowa m'nkhokwe, make Mtisunge anadwala chifuwa. Sanagone sabata, anatisiya. Kalata yopita ku Halale inanyamuka, koma masiku amenewo kalata inkayenda ngati nkhono.

Maliro atatha, anthu atameta, linafika tsiku logawa zovala za malemu monga mwa mwambo. Wogawa anali a Jelasi, malume ake a mwanayo, mwini mbumba. Nsalu anapatsa uyu, duku anapatsa uyo. Juzi anati ipite kwa Anangozo, akulu awo a malemu, amene anatenga Mtisunge kuti amulere. Koma Anangozo potambasula dzanja anapeza juzi palibe. Mwana anali ataikumbatira kuseri kwa chitseko.

“Musiyeni,” anatero a Jelasi. “Ndi mwana, mawa aiwala.”

Mawa linafika, sanaiwale. Sabata inatha, mwezi unatha. Juzi inali yaikulu, mikono yake inkakwekwereza pansi, m'fumbi, m'phulusa, m'zitosi za nkhuku. Inada bii, inayamba kununkha, nsabwe zinamangamo mudzi, ndipo mwana anatuluka zilonda m'khosi ndi m'manja. Kulongolola kuja kunatheratu. Anangozo anamupangira mwana wa chitsononkho, iye anamuponya kutali. Anamuumbira wadothi, sanamuyang'ane n'komwe.

Tsono Anangozo analakwitsa chinthu chimodzi, ndipo musawaweruze, chifukwa analakwitsa ndi mtima wabwino. Tsiku lina masana mwana atagona, anasolola juziyo pang'onopang'ono, nathamanga nayo kumtsinje kuti akaichape. Asanaviike n'komwe, anamva mfuu kuchokera kumudzi. Mtisunge analira mpaka mawu anauma. Anamubwezera juzi yake yosachapa, koma kuyambira tsiku limenelo anaigwira ndi manja onse awiri, ndipo anasiya kudya. Mukuona, kuti atenge mbatata ankayenera kumasula dzanja limodzi, ndipo kumasula dzanja ndi kumene ankaopa. Akati amudyetse ndi supuni, ankatseka pakamwa, poganiza kuti akufuna kumupusitsanso. Ankangomwa timadzi, nthawi zina tiphala tiwiri titatu tokakamiza. Nthiti zinayamba kuwerengeka.

A Jelasi anakhala pakhonde, mutu uli m'manja.

“Mlongo wanga, apa pali zoonekeratu. Malemu akumuitana mwanayu kudzera m'chovalachi. Loweruka tichiwotcha.”

“Achimwene, mukawotcha juziyi mwawotcha mwana,” anayankha Anangozo. “Inu simunamve mmene analirira tsiku lija.”

“Nanga tikaisiya? Tikumbenso manda ena mwezi uno?”

Kuwotcha kunali imfa, kusiya kunali imfa.

Lachinayi madzulo dzuwa likadalipo, pakhomopo panafika mayi wachikulire akutsimphina, kamtolo kali pamutu. Anati dzina lake ndi Abiti Chande, wochokera kutsidya kwa Mangochi, ndipo ankapita ku Linthipe kumene mwana wake wamkazi anali pafupi kuchira. Munga unamubaya m'njira, phazi linatupa ngati dzungu. Anangozo, ngakhale anali ndi chisoni chawo, anamuyalira mphasa, namuwiritsira madzi othowera phazilo.

M'mawa mwake mlendoyo anakhala padzuwa, phazi atalisanjika pa mtondo wogona. Anamasula kamtolo kake, natulutsa masipoko awiri a njinga onoledwa kunsonga, ndi ulusi woyera. Anayamba kuluka kachipewa ka mdzukulu amene ankamuyembekezera. Masipoko ankangoti ke, ke, ke. M'mudzimo munalibe amene anaonapo kuluka kwa mtundu umenewu. Mtisunge, amene kwa mwezi sanayang'ane munthu kumaso, anasendera pang'ono, juzi ili pachifuwa.

Chapomwepo a Jelasi anadutsa atasenza nkhuni zouma, naziunjika kuseri kwa nkhokwe.

“Nkhuni zonsezi kuli phwando?” anafunsa mlendoyo.

Anangozo anamunong'oneza nkhani yonse. Abiti Chande anayang'ana mwana, anayang'ana juzi, kenaka anakweza mawu.

“Bambo, pepani. Ndingaikepo mlomo?”

A Jelasi anatembenuka. “Mayi, mlendo amamwa madzi n'kuthokoza. Mwagona tsiku limodzi, mwayamba kale kuweruza za mbumba ya eni?”

“Zoona, bambo, ine ndine wodutsa, ndipo phazi likaphwa simudzandionanso. N'chifukwa chake mukhoza kundimvera popanda kuchita manyazi. Inu mwaona njira ziwiri, kuwotcha ndi kusiya. Ine ndikuona yachitatu. Chovalachi ndi ulusi umodzi wautali umene munthu anaupinda. Chimene chinalukidwa chimamasulika, n'kulukidwanso.”

“Kulukidwanso chiyani? Juzi ina yoti azikwekwerezanso?”

“Ayi. Mwana woti azibereka.”

Anangozo anagwira pakamwa. A Jelasi anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

“Wachitsononkho anataya, wadothi anakana. Wanuyu ali ndi mankhwala anji?”

“Aja sanali amake,” anatero Abiti Chande. “Ndipatseni lero ndi mawa. Zikakanika, nkhuni zanu sizithawa. Koma chinthu chimodzi: sindigwira juziyi mwini wake asanalole. Anaberedwa kamodzi, zakwana.”

Anangozo anawerama mutu. A Jelasi anakhala pa chitsa, nati, “Yesani tione.”

Mlendoyo sanamuitane mwana. Anasiya kachipewa kaja, natenga ulusi wake woyera, nayamba kuluka kanthu kakang'ono ngati chala chachikulu: kamutu, timanja, timiyendo. Atatha anakaimika pa bondo lake, nakavinitsa. Mtisunge anafika mpaka pamphasa.

“Iwe mwali,” anatero Abiti Chande osamuyang'ana, “juzi imeneyo ndi ya ndani?”

Kenaka panamveka timawu touma, toyamba patatha masabata: “Ya amayi.”

“Eya. Ankakubereka ataivala?”

Mwana anagwedeza mutu.

“Ndiye taona mmene yatopera. Ikugona m'fumbi, nkhuku zikuiponda. Inakubereka iwe masiku ambiri. Tsopano yafuna uibereke ndiwe. Ndikhoza kuisandutsa mwana ngati uyu, koma wamkulu, wofiira. Sindipita nayo kulikonse. Iwe ugwira uko, ine ndigwira kuno.”

Mtisunge anayang'ana kamwana koyera kaja nthawi yaitali. Ndipo mwana uja, manja ake onse ali pakhosi pa juzi, anakankhira mkono umodzi wa juziyo pa mwendo wa mlendo ndi phazi lake.

Tsono apa ndi pamene panali ntchito. Kuti ulusi uyambe kumasuka, pamafunika kudula timfundo ta msoko tokha, osakhudza ulusi wolukidwawo. Ukaphonya, juzi imangoduka zidutswazidutswa, osalukanso kanthu. Anangozo anabwera ndi mpeni wosendera mbatata.

“Amayi, mukufuna tiphe mbuzi?” anatero mlendoyo.

A Jelasi, amene ankati sizikuwakhudza, analowa m'nyumba natuluka ndi lumo lawo. Abiti Chande analiyesa pa ulusi wake, ulusi unangopindika.

“Limeneli lameta mitu ingati?”

“Mudzi wonse, pamaliro paja,” anavomera a Jelasi.

Mayiyo anamasula mfundo ya pa duku lake, natulutsa kalumo kakang'ono kokulungidwa m'pepala. Anawerama, nalowetsa nsonga yake pansi pa kamfundo koyamba. Mtisunge anatseka maso. Tswi! Kachiwiri, tswi! Kachitatu. Kenaka Abiti Chande anatola nsonga ya ulusi wofiira, naipereka kwa mwanayo.

“Koka ndiwe.”

Ana inu, kuti akoke anayenera kumasula dzanja limodzi. Analiyang'ana dzanjalo, anayang'ana Anangozo, anayang'ana mlendo. Analimasula. Anakoka, ndipo ulusi unabwera uli piringupiringu, mzere ndi mzere, ngati ukuthamangira kwa iye. Anakokanso. Pakamwa pake panaoneka kanthu kofanana ndi kumwetulira.

Tsiku lonselo anamasula juzi, Anangozo akukulunga ulusi pa miyendo ya mpando. Pouchapa m'madzi otentha ndi sopo, Mtisunge anagwira nsonga imodzi ali chiimire pambali pa beseni, ndipo pouyanika anakhala pansi pa chingwe mpaka unauma. Nsabwe zonse zinathera m'madzimo. Loweruka, tsiku lija la moto, masipoko anayamba kulira m'mamawa. A Jelasi anapita okha kwa mnansi kukapempha thonje loika m'mimba mwa chidolecho, ndipo pobwera ankanamizira kuti anangolipeza panjira. Mabatani awiri anakhala maso. Ulusi wotsala unakwana kadiresi ndi kachipewa, pakuti, anatero Abiti Chande, mwana wa ku Dedza sayenda mutu uli pamtunda.

Dzuwa litapendeka, chidole chinatha. Anangozo anang'amba kansalu, namuberekesa Mtisunge mwana wake wofiira, namanga mfundo pachifuwa. Mwana anaimirira. Manja onse awiri anali lende, opanda chogwira.

Abiti Chande anakodola Anangozo, ndipo iwo anabwera ndi mbale ya phala la mgaiwa lothira nsinjiro.

“Make mwana,” anatero mlendoyo, “mwana wanuyu wabadwa lero, ali ndi njala. Koma kwathu mayi amayamba walawa, kuti aone ngati phala latentha.”

Mtisunge anatenga supuni, nalawa.

“Latentha?”

“Ayi.”

“Talawaninso, mwina pansi.”

Analawanso. Anapotoloza dzanja kumbuyo, nagusitsa supuni pakamwa pa chidole, kenaka yotsatira inapita pakamwa pake. Imodzi ya mwana, imodzi ya make, mpaka supuni inagogoda pansi pa mbale. Atatha anakweza mbaleyo kwa Anangozo, nati, “Amayi aakulu, mwana wanga sanakhute.”

Anangozo anathamangira kukhitchini akulira ndi kuseka nthawi imodzi. A Jelasi anadzuka pa chitsa paja, navula chipewa, nagwada pamaso pa mayi uja amene dzulo lake anamuuza kuti amwe madzi n'kukhala chete. Anaomba m'manja katatu.

“Mayi, ndinakulankhulani mwachipongwe, mundikhululukire. Ife eni mudzi tinali ndi malumo athu, koma onse anabuntha ndi maliro. Ndithu, mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.”

“Dzukani, bambo, mundichititsa manyazi,” anatero Abiti Chande. “Ine munandithowa phazi musanadziwe kuti ndili ndi kalumo.”

Anakhala masiku ena atatu, akuphunzitsa Anangozo ndi amayi ena kuluka. Ponyamuka anamuperekeza mpaka kumsewu, atamusenzera nkhuku ndi ufa wa mdzukulu wake. Sanabwerenso, ndipo palibe anadziwa ngati mdzukuluyo anali wamwamuna kapena wamkazi. Koma masipoko a njinga zakufa anatha m'mudzimo, ndipo mawu a a Jelasi anayenda kuposa mwini wake, mpaka anafika kuno kwa ife.

Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Tanthauzo lake ndi ili: vuto ukakhala nalo nthawi yaitali, nzeru zako zimabuntha, osati chifukwa ndiwe wopusa, koma chifukwa watopa ndipo mtima ukuwawa. Umangoona njira zomwe waziona kale. Munthu wochokera kwina amabwera ndi maso amene sanalire nawo maliro ako, ndi luso limene kwanu kulibe. Choncho mlendo akati, “Ndingaikepo mlomo?” musamufunse kuti wagona masiku angati. Mumvereni kaye. Ndipo akakuthandizani, thokozani akadali pakhomo, chifukwa wodutsa sachedwa kupita.

Ndathera pamenepa. Nkhaniyi musaiumire, ana anga. Mukafika kunyumba kauzeni ang'ono anu, ndipo dzina la Abiti Chande musalisiye panjira, kuti kuthokoza kwa anthu a m'mudzi uja kupitirire kuyenda.