Chigoli cha Handiredi cha Gologolo

Kalekale, ana inu, nanunso akuluakulu tamverani, nyama zinkasewera mpira kudambo, mpira wake dzungu.

Katswiri anali Gologolo. Akagoletsa, ankakanda mzere pamlambe. Mizere itafika nainte naini, ukalamba unamupeza. Mawondo gwedegwede, akathamanga pang'ono wefuwefu. Kalanga ine, zaka ziwiri zathunthu mlambe osaukanda!

"Agogo, mwakula," anatero anzake a timu. "Mawa ndi komaliza."

"Chimodzi chokha, ana anga," anayankha Gologolo, misozi ili lengelenge. "Chimodzi chokha."

Tsoka ilo, goloboyi wa timu inayo anali Mvuu, chimthupi chodzaza golo lonse, dyera ndiye osanena. Mpira ukabwera, kukamwa yasa! Dzungu walimeza lathunthu.

M'mawa Gologolo anakokera mtolo wa mizimbe kuseri kwa golo la Mvuu, n'kuuphimba ndi udzu.

Mpira unayamba. Gologolo wefuwefu, gwedegwede, anyamata akumudutsa ngati chitsa. Dzuwa litapendeka, dzungu linamupeza. Analimenya ndi mphamvu zonse zotsala, phi! Linangogubuduka pang'onopang'ono. Mvuu yasa! Walimeza.

"Hehede! Pitani mukawothere dzuwa, agogo!" anaseka Mvuu.

"Mwandigonjetsa, achimwene," anatero Gologolo. "Koma dzungu lopanda chotsitsira silitsamwitsa? Chikununkhira kumbuyo kwanuko n'chiyani?"

Mvuu ananunkhiza. Mizimbe! Anatembenuka, di! di! di! n'kulowa m'golo thupi lonse kuti aifikire.

Nkhwazi, woyimbira mpira, anaimba wezulo, pyee!

"A Mvuu, mpira uli kuti?"

"M'mimba mwangamu."

"Nanga mimbayo ili kuti?"

Mvuu anayang'ana uku, anayang'ana uko, mzimbe uli kukamwa. "Ili... m'golo."

"Chigoli!"

Dambo lonse linaphulika ndi nthungululu. Anyamata aja anamunyamula Gologolo mpaka pamlambe. Zikhadabo zinali zitatha, koma anakanda ndithu, kwee! Anaukumbatira mtengowo n'kulira ngati mwana. Ngakhale Mvuu anamva chisoni, anamubenthulirako kamzimbe, kakang'ono zedi.

Ndiye inu amene mumaseka agogo anu akamadzuka mogwira mawondo, samalani: galu wamkota sakandira pachabe. Nthano yanga yathera pamzere womwewo. Kaphuleni mbatata, Mvuu asanamve fungo!