Ndowa za Uchi za a Namakhwa

Ana inu, mwambi uli ngati munthu, uli ndi kwawo. Uwu akuti kwawo ndi ku Thyolo.

Anthu asanu ndi atatu atapuma pa ntchito yothyola tiyi, anasonkha ndalama zawo zopumira kuti azichitira malonda, phindu liziwadyetsa mu ukalamba. Anasankha a Namakhwa, omwe anali kapitawo wawo, kukhala msungichuma. Anasainirana lamulo limodzi lokha: asanagule kanthu, ayambe afunsa odziwa.

A Namakhwa sanali wakuba, ayi. Kungoti zaka makumi atatu anazolowera kufunsidwa, osati kufunsa.

Tsiku lina kunafika wamalonda ndi ndowa makumi awiri za uchi, mtengo wake wozizira.

"Ku Limbe mukapha nawo makwacha, bwana," anatero. "Koma fulumirani, ena akuufuna."

Liwu loti bwana linawatsekemera kuposa uchiwo. Anapisa chala mu ndowa imodzi, kunyambita, n'kupereka ndalama zonse. Chonsecho mayi Muhiwa, mmodzi wa eni ndalamazo, mwana wa mlimi wa njuchi, ankakhala kuseri kwa mpanda wawo womwewo.

M'mawa mwake a Namakhwa anaitana anzawo kuti adzaone. Mayi Muhiwa anathyola kabango.

"Bambo Namakhwa, munapisa mpaka pansi?"

"Ndinalawa, mayi. Ndi uchi weniweni."

"Uchi sitigula ndi chala."

Analowetsa kabango kaja, koma sikanapite patali, kanagunda cholimba. Anayesa ndowa zonse, chimodzimodzi: pamwamba uchi pang'ono, pansi phula lokhalokha. Mkulu wina, amene ankadalira ndalamazo pogulira mankhwala a mkazi wake, anangokhala pansi n'kugwira mutu.

Mayi aja anabenthula phula ndi mpeni. "Idyani, bambo. Mulawe ukalamba umene mwatigulira."

A Namakhwa anatafuna misozi ili mbwembwembwe. Phula silimezeka.

Anzawo atawasumira kukhoti, a Namakhwa anadandaula kuti sanabe ngakhale tambala. Woweruza anati, "Zoona, simunabe. Koma wosunga chuma cha ena amayankha pa kusasamala komwe. Ndani munamufunsa?"

Khoti linalamula a Namakhwa kubweza ndalamazo. Ng'ombe zawo zinayi zinagulitsidwa, koma sizinabweze ngakhale theka. Ine zimandimvetsa chisoni, chifukwa kwa mayi Muhiwa, kuseri kwa mpanda uja, kunali pa mtunda wa mapazi khumi okha.

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Safunsa anadya phula." Ndiye kuti wochita zinthu osafufuza amagwa m'mavuto amene funso limodzi likanamupewetsa. Ndipo akakhala kuti wasunga za ena, phulalo sadya yekha.