Vinyo wa Chaka cha Matalala

Pa esiteti ina ya mphesa kumapiri panali bwana wamakani, a Chimbalanga. Tsiku lina anaitana alendo, nawatsegulira botolo lotsiriza la vinyo wofiira wa chaka cha matalala. Alendo ananyambita milomo. Pomwepo bwana anaitanitsa Zagwa, bambo amene ankasakaniza vinyoyo.

"Iwe Zagwa, pa ukwati wa mwana wanga ndikufuna vinyo ngati yemweyu, ndendende. Ukalephera ndizula mphesa zonse, ndidzale fodya."

Zagwa anavula chipewa. "Zosavuta, bwana. Vinyoyu anakoma ndi zinthu zitatu. Chaka chija dzuwa linawotcha mpaka nkhuku kuikira mazira owiritsa kale. Ndiye ine ndikoleza moto m'mizere ya mphesa. Matalala anagwa, ndiye ndigenda mphesa ndi ayezi wa mufiriji. Koma chachitatu muli nacho ndinu."

"Chiyani?"

"Muja munaterereka n'kugwera mumgolo wa mphesa, suti, nsapato ndi sokosi zomwe, n'kundiletsa kuuza munthu. Kafungo akuyamikira alendoka ndi kameneko."

Alendo anasuzumira m'matambula mwawo, kenaka anayang'ana nsapato za bwana. Mayi wina anagugudiza vinyo wotsalayo, nati, "Ndiye mukuchedweranji, achimwene? Mgolowo uli kuti? Tikunyamulani!"

Amuna anayi anaimirira, akupinda malaya.

A Chimbalanga anakakamira mpando ndi manja onse awiri. "A Zagwa," anatero ndi timawu tating'ono, "kodi vinyo wa chaka chino uja ndi woipa?"

"Ngwokoma, bwana. Kungoti simunalowemo."